Wowongola msana ayambe wamva mawu a mwini msana

Ndikulemba ndili ku Karoi, m'boma la Hurungwe, pamsewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Chirundu. Nkhani imene ndabwera nayo ingaoneke ngati ya azachipatala okha, koma mudekhe nayo, pakuti kumapeto kwake ikugwera ife osamala za chinenero.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Mthandizi. Mphamvu zawo zonse zinathera m'minda ya fodya ya kuno: kuwokera mbande chowerama, kuthyola masamba m'mame, kukwera m'mabalani, kusenza mabelo olemera kuposa munthu wamkulu. Chishona amachidziwa, cha kumsika ndi cha pamaliro, koma thupi likawavuta amabwerera ku Chichewa cha amayi awo. Zaka zingapo zapitazo anapita okha kuchipatala china chaching'ono, nauza namwino kuti, "Msana ukuwawa, mwana wanga, usiku sindigona." Namwinoyo, mtsikana waulemu ndithu, anamva liwu la m'chinenero chake. Pa Chishona kuvava ndi kuyabwa. Anawayang'ana pakhungu, nawapatsa mafuta opaka, n'kuwalangiza kuti asamadzikande. Agogo anathokoza, poti munthu wamkulu sakangana ndi wachipatala, nabwerera kukomboni ndi kabotolo kawo.

Patatha masabata atatu miyendo inayamba kuchita dzanzi, ndipo ulendo uno ndinawaperekeza. Nditamasulira mawu awo, nkhope ya namwino uja inasintha. Anafunsa ngati amatuluka thukuta usiku, ngati aonda, ngati mkodzo ukutuluka bwino, ndipo tsiku lomwelo analemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anawapeza ndi chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana. Anamwa mankhwala miyezi yambiri, ndipo lero akuyenda, ngakhale ndi ndodo. Namwino uja sindimuimba mlandu. Ntchito ankaidziwa, ndipo mafunso oyenera anali nawo m'mutu. Anangosowa liwu limodzi loti limutsegulire mafunsowo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira za maphunziro amene ogwira ntchito za umoyo amapitiriza kuchita atamaliza sukulu. Kuno ku Zimbabwe lamulo la Health Professions Act linakhazikitsa makhonsolo oyang'anira ntchitozi, monga Nurses Council ya anamwino ndi Medical Rehabilitation Practitioners Council ya akatswiri a mafizo, ndipo owongola msana aja otchedwa chiropractor nawo amalembetsa pansi pa lamulo lomweli. Kuti munthu apitirize kugwira ntchito, chiphaso chake chimayenera kukonzedwanso, ndipo njira imene yafala ndi yakuti asonyeze kuti wakhala akuphunzirabe, potolera mapointi amene amawatcha CPD. Kale mapointiwa ankapezeka kumisonkhano ya m'mahotela a ku Harare, makilomita pafupifupi 200 kuchokera kuno. Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, ambiri akuwapeza pa intaneti. Physiopedia ili ndi maphunziro a mafizo, bungwe la WHO linatsegula OpenWHO mu 2017, ndipo masukulu ndi mabungwe a chiropractic a ku America, ku Britain ndi ku South Africa amagulitsa maphunziro a maola ochepa, okhala ndi kamayeso kumapeto ndi satifiketi yake.

Chimenechi n'chinthu chabwino, ndipo sindikuchinyoza. Wa mafizo wa ku Magunje kapena ku Tengwe angathe tsopano kumva mphunzitsi yemweyo amene mnzake wa ku London akumumva. Dandaulo langa ndi lakuti maphunzirowa amaphunzitsa manja ndi maso, n'kuiwala khutu. Amaganiza kuti wodwala ndi womuthandiza amayankhula chinenero chimodzi, ndipo kawirikawiri chinenerocho ndi Chingerezi. Maganizo anga ndi akuti aliyense amene amagwira misana ya anthu m'madera a mafamu, kaya ndi chiropractor, wa mafizo kapena namwino, aziphunzira mawu a ululu a Chichewa monga gawo la maphunziro ake opitiriza, ndipo phunzirolo liziwerengedwa mapointi mofanana ndi phunziro la kagwiridwe ka fupa.

Ndiyambe ndi chiropractic, pakuti ambiri a ife timangoimva dzina. Inayambitsidwa ndi Daniel David Palmer mu 1895 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America. Palmer ankakhulupirira kuti matenda ambiri amabwera chifukwa cha mafupa a msana amene sanakhale m'malo mwake, ndipo chikhulupiriro chimenechi sayansi sinachivomereze. Chimene chatsala chodalirika ndi chochepa koma chothandiza: kukankha ndi kuwongola mfundo za msana ndi manja kumachepetsa ululu kwa anthu ena a msana wa masiku onse. Mu 2005 WHO inatulutsa malangizo a kaphunzitsidwe ndi chitetezo cha ntchitoyi. M'chigawo chathu chino amaiphunzitsa ku Durban University of Technology ndi ku University of Johannesburg, ndipo bungwe la World Spine Care linayesa kuifikitsa kumudzi potsegula kachipatala ka msana ku Shoshong, ku Botswana. Kuno ku Zimbabwe akatswiriwa ndi owerengeka, ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo amalipiritsa ndalama zimene wa mgwazo sangazione.

Choncho misana ya ku Karoi ili m'manja mwa ena. Ili m'manja mwa anamwino a m'zipatala zazing'ono, a mafizo ndi othandizira awo amene amaphunzitsidwa ku Marondera, alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndiponso asing'anga, amene boma linawazindikira ndi lamulo la 1981, patapita chaka chimodzi chikhazikitsire ZINATHA. Kukomboni kulinso agogo odziwa kuthowa ndi masamba ofunda, kusisita ndi kutema mphini. Onsewa amalandira anthu a msana, ndipo anthu a msana ndi ochuluka. WHO imanena kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa kumunsi kwa msana, kuti pofika 2050 adzakhala 843 miliyoni, ndiponso kuti palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa ili. Amene anawokerapo fodya tsiku lathunthu sakusowa womuuza zimenezi.

Mu December 2023 WHO inatulutsa malangizo ake oyamba a kasamalidwe ka msana wokhalitsa. Inavomereza kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, kusisita, kuwongola msana ndi manja, uphungu, ndi mankhwala ena ochepetsa kutupa. Inaletsa malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa opioid. Mukayang'anitsitsa mndandandawu muona kuti mbali yaikulu ya zovomerezekazo imachitika ndi pakamwa. Kuphunzitsa munthu ndi kuyankhula naye, uphungu ndi kukambirana, ndipo masewera amene wodwala sanawamvetse sangakawachite kunyumba. Chinenero chalowa kale m'kati mwa chithandizo, ngakhale okonza maphunziro sanachilembe pa ndandanda yawo.

Akatswiri a ululu anazindikira kale zimenezi. Ronald Melzack wa ku McGill University ku Montreal anatolera mawu amene odwala amanena pofotokoza ululu wawo, ndipo mu 1975 anatulutsa McGill Pain Questionnaire, yokhala ndi mawu 78 m'magulu 20. Mfundo yake inali yakuti ululu suoneka pa chithunzi cha X-ray, ndipo khomo lalikulu lolowera kwa iwo ndi mawu a mwini wake. Ululu wootcha, wothamanga ngati magetsi, umaloza ku mitsempha yomvera. Ululu wophwanya, wolemera, umaloza ku minofu ndi mfundo. Koma mawu 78 amenewo anatoledwa kwa oyankhula Chingerezi. Chinenero chilichonse chimagawa thupi ndi zowawa zake m'njira yakeyake, ndipo Chichewa chathu chili ndi magawidwe ake.

Taonani chiuno. Mchewa amene wavulala kumunsi kwa msana nthawi zambiri amati chiuno chikumupweteka. Womasulira wofulumira amanena liwu la Chingerezi lotanthauza pomangira lamba kapena la mfundo ya ntchafu, ndipo wothandiza amayamba kufufuza malo olakwika. Taonaninso mtsempha. Liwu limodzili timatchulira njira ya magazi, ulusi womvera umene umachokera ku msana, ndi chingwe cholumikiza mnofu ku fupa. Chishona nacho chili ndi tsinga, limene limasenza katundu yemweyo. Wodwala akati mtsempha wakoka kuchokera m'chiuno mpaka kuchidendene, akufotokoza bwino lomwe njira ya mtsempha waukulu womvera wa m'mwendo. Wina akati mitsempha yatupa, mwina akunena za magazi. Wothandiza amene sadziwa kuti liwuli lili ndi nkhope zitatu sangadziwe kuti ayenera kufunsa funso lachiwiri.

Mawu a ululu weniweniwo tili nawo ambiri. Kupweteka ndi kuwawa ndi mawu a ponseponse. Kubaya ndi kulasa ndi ululu wakuthwa wa pamalo amodzi, ndipo n'chifukwa chake matenda a m'mapapo timawatcha chibayo. Kuphwanya ndi ululu wa thupi lonse, wonga wa malungo. Kuluma timakunena kwambiri za m'mimba. Kuotcha, kukoka, kuuma, kulemera ndi kunyerenyesa, lililonse lili ndi malo ake. Dzanzi ndi pamene chiwalo chaleka kumva, chimene a Chishona amati chiveve. Nyamakazi ndi thumba lalikulu limene akuluakulu amaponyamo ululu uliwonse wa m'mfundo ndi m'miyendo. Tilinso ndi timawu tathu tachifanizo: msana uli gwa, miyendo ili lefu. Wodwala akati miyendo ili lefu, wanena chinthu chachikulu kuposa kutopa, ndipo wodziwa ntchito ayenera kuyesa mphamvu za miyendoyo nthawi yomweyo.

Msana weniweniwo suli ndi tanthauzo limodzi kuno kumafamu, kumene Chichewa ndi Chishona zakhala m'komboni imodzi kwa mibadwo itatu. Pa Chishona mushonga wemusana ndi mankhwala a mphamvu za abambo. Palinso mwambo wa masungiro, umene amachitira makolo a mtsikana woyembekezera koyamba poopa kuti angathyoke msana. Bambo wa zaka 50 amene wati msana wafooka mwina akunena za fupa, mwina za m'nyumba, mwina za zonse ziwiri. Ndipo kufooka kwa m'nyumba kobwera pamodzi ndi ululu wa msana kungakhale chizindikiro chakuti mitsempha yapanikizika. Apa chinenero ndi udokotala zalukana moti simungazilekanitse.

Apa ndi pamene nkhaniyi ifika pa moyo ndi imfa. Maphunziro onse abwino a msana amaphunzitsa zizindikiro zochenjeza, zimene wothandiza akaziona ayenera kuchotsa manja ake ndi kutumiza wodwala kwa dokotala msanga. Zina mwa izo ndi ululu wosaleka usiku, kuonda, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, ndi mbiri ya khansa kapena ya kugwa. Chifuwa chachikulu cha msana, chimene Percivall Pott anachifotokoza ku London mu 1779, chimadya mafupa a msana mpaka kugwa, ndipo m'maiko athu, kumene TB ndi HIV zimayendera limodzi, sichachilendo. Kukankha ndi mphamvu msana wotere kungapuwalitse munthu. Palinso vuto limene madokotala amalitcha cauda equina, ndiye kuti mchira wa kavalo m'Chilatini, pamene mitsempha ya kumapeto kwa msana yafinyika. Zizindikiro zake ndi dzanzi pakati pa miyendo ndi pokhalira, kulephera kukodza kapena kusadzigwira, ndipo munthu wotere amafunika opaleshoni mwachangu.

Tsopano lingalirani nkhalamba ya Chichewa, yolowa ku dambwe, itakhala pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wake. Kodi inganene poyera kuti ikudzikodzera? Idzati madzi akuvuta, kapena kunja sikukuyenda bwino, kapena ingoti thupi lasintha. Mayi wachikulire adzanena za kumaso kapena kutsogolo, ndipo womva mwachiphamaso adzayang'ana nkhope. Mawu ozungulirawa ndi ulemu umene tinaleredwa nawo, ndipo sadzatha chifukwa chakuti wina wavala yunifolomu. Phunziro la pa intaneti limauza wophunzira kuti afunse za chikhodzodzo ndi matumbo, koma silimuuza kuti funsolo alifunse bwanji kuti agogo asachite manyazi, kapena kuti yankho lozungulira alimve bwanji. Mndandanda wa zizindikiro zochenjeza umene munthu sangathe kuufunsa m'chinenero cha wodwala umangothandiza kukhoza mayeso.

Ndikudziwa kuti ena atsutsa, ndipo zotsutsa zawo zili ndi mutu. Choyamba adzati anthu a kumafamu onse amayankhula Chishona tsopano. N'zoona kuti ife a m'badwo wachitatu Chishona ndi chathu, ndipo ambiri Chichewa timangochimva. Koma misana yoonongeka kwambiri ndi ya akuluakulu, amene anabwera kapena kubadwa nthawi imene komboni inkayankhula Chinyanja, Chisena, Chiyao ndi Chilapalapa cha azungu. Komanso pali mbiri imene yaphunzitsa anthu athu kubisa lilime lawo. Blair Rutherford, amene anafufuza moyo wa ogwira ntchito m'mafamu a Hurungwe momwe muno n'kutulutsa buku la Working on the Margins mu 2001, anasonyeza mmene moyo wawo wonse unkalamulidwira ndi mwini famu, kutali ndi maofesi a boma. Kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kunawachotsera ntchito ambiri, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ochuluka ali alendo m'dziko limene anabadwiramo. Munthu amene wakhala akutchedwa mubhurandaya kapena mubwidi akafika pa ofesi amayesetsa kuyankhula Chishona, ngakhale chopereweza, kuti asadziwike. Wothandiza amaganiza kuti akumvana, pamene wodwala akuvala mawu a Chichewa zovala za Chishona. Kuwawa kwa agogo kunasanduka kuvava m'njira yomweyi.

Chachiwiri adzati wachibale azimasulira, monga ndinachitira ine. Koma si agogo onse ali ndi mdzukulu wopuma pa tsiku la chipatala, makamaka nyengo yothyola ndi yosankha fodya pamene dzanja lililonse lili pa mgwazo. Ndiponso pali zinthu zimene kholo silinganene mwana wake ali pomwepo. Tsiku lija, atafunsidwa za mkodzo, agogo anandiyang'ana kaye, ndipo ndinaona kuti kukhalapo kwanga kukuwathandiza ndi kuwatsekereza nthawi imodzi.

Chachitatu adzati ogwira ntchito za umoyo ndi otopa kale, malipiro ndi ochepa, magetsi amazimazima, ndalama ya intaneti ndi yokwera, ndiye kuwasenzetsa chinenero china ndi nkhanza. Ichi ndicho chotsutsa cholemera koposa, ndipo chikutiuza mmene phunzirolo liyenera kukhalira. Palibe amene akupempha namwino kuti aphunzire galamala yonse ya Chichewa. Mawu makumi asanu kapena asanu ndi limodzi, mafunso khumi a zizindikiro zochenjeza, ndi mndandanda wa mawu onyenga amene amamveka ofanana m'Chishona ndi m'Chichewa koma ali ndi matanthauzo osiyana, zimenezi zingakwane m'mauthenga a mawu a pa WhatsApp a mphindi zisanuzisanu, amene munthu angawatsitse kamodzi n'kumawamvera ali m'basi. Ndipo ngati khonsolo ikuwerengera mapointi, phunziroli silikuwonjezera katundu, likungolowa m'malo mwa ola lina limene akanalithera pa phunziro la makina amene chipatala chake chilibe.

Maziko a lamulo alipo kale. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013, m'gawo 6, amazindikira zinenero 16, ndipo Chichewa ndi choyamba pa mndandandawo. Gawo lomwelo limalamula boma ndi nthambi zake kuti zizisamala chinenero chimene anthu okhudzidwa ndi ntchito zawo amakonda. Gawo 76 limapereka ufulu wa chithandizo cha zaumoyo, ndipo gawo 43 linabwezera unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Wailesi ya National FM imaulutsa m'Chichewa. Koma chinenero chikazindikiridwa papepala ndi pa wailesi, n'kusowa m'chipinda chimene munthu akufotokozera ululu wake, kuzindikiridwako sikunafike kwa mwini wake.

Amene wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sukulu ya chiropractic ya ku Iowa sidzatilembera phunziro limeneli, ndipo makhonsolo a ku Harare sangavomereze chinthu chimene palibe wawabweretsera. Ntchito yoyamba ndi yathu, ndipo gulu ngati lino, lokhala ndi anthu a maiko anayi, lili ndi zipangizo zake. Ku Malawi kuli Centre for Language Studies ku Zomba, imene inakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, kuli Kamuzu University of Health Sciences imene imaphunzitsa a mafizo, kulinso Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre kumene odwala msana amafotokoza mavuto awo m'Chichewa tsiku ndi tsiku. Mafunso ofufuza umoyo otchedwa EQ-5D, amene limodzi mwa magawo ake asanu ndi la ululu, anamasuliridwa kale m'Chishona ndi m'Chichewa, kusonyeza kuti akatswiri a mbali zonse ziwiri anayendapo kale njira yofanana. Chatsala ndi kulumikiza zinenero ziwirizi mwachindunji, popanda kudzera ku Chingerezi.

Pali chenjezo limodzi limene ndikufuna kulitsindika monga wophunzira za zinenero. Tisatenge mawu 78 a Melzack n'kuwamasulira limodzilimodzi. Tikatero tidzapanga Chichewa cha m'kalasi chimene wodwala sadzachiyankhula, ndipo tidzataya mawu athu amene alibe anzawo m'Chingerezi. Titsate njira yake, tisiye mndandanda wake. Tipite kwa eni ululu, tiwapemphe chilolezo, tiwajambule mawu akufotokoza okha, popanda kutchula maina awo. Tifunse wosankha fodya amene wakhala pansi miyendo ili tambalale tsiku lonse, wodinda mabelo, mayi wosenza nkhuni za ku balani, ndi mnyamata amene amachita nseru ndi chizungulire akathyola fodya wonyowa, poti chikonga chimalowera pakhungu ndipo nayenso ali ndi mawu ake ofotokozera zimenezo. Kenaka tikhale pansi ndi a mafizo ndi madokotala kuti atiuze liwu lililonse likuloza kuti m'thupi. Tikumbukirenso kuti Chichewa cha ku Karoi si cha ku Lilongwe. Chinachoka kumudzi zaka zoposa 60 zapitazo, chinasunga mawu ena amene kwathu anaiwalika, n'kutola ena kwa Asena, Ayao ndi Makorekore a kuno. Phunziro lokonzedwa ndi Chichewa cha pa wailesi ya MBC chokha lidzaphonya anthu omwe tikufuna kuwathandiza.

Phunzirolo likhalenso ndi gawo la ulemu. Wothandiza adziwe kuti munthu wamkulu timamutchula inu, timati agogo, bambo kapena mayi, ndipo sitiyamba kumugwira tisanamuuze chimene tikufuna kuchita. Adziwe kupempha chilolezo asanafunse za kumalo obisika, ndi kutulutsa ana m'chipinda asanatero. Adziwe kufunsa za mphini zimene waziona pamsana popanda kunyoza, pakuti wodwala amene wasekedwa chifukwa cha sing'anga sabweranso, ndipo sadzanena mankhwala ena amene akumwa. Ndingakondenso kuti asing'anga ndi agogo othowa alandire uthenga womwewo wa zizindikiro zochenjeza m'chinenero chawo, chifukwa msana wa TB nthawi zambiri umayamba wafika kwa iwo usanafike kuchipatala.

Kwa akatswiri a chiropractic ndi a mafizo amene angawerenge izi, pempho langa ndi lakuti mukamasankha maphunziro a chaka chino, dzifunseni kuti ndi angati mwa odwala anu amene mumawamva m'chinenero chimene amalotera. Ngati mukufuna kuti ntchito yanu ituluke m'mizinda ifike kumafamu, kumene misana yambiri ikuthyoka, dziwani kuti manja anu adzafika pamsana pambuyo pa mawu. Kwa makhonsolo, pempho ndi laling'ono: vomerezani kuti luso lomva wodwala m'chinenero chake ndi luso la ntchito, ndipo lipatseni mapointi. Zikayenda ndi Chichewa, njira yomweyo idzathandiza Chitonga cha ku Binga ndi ku Kariba, Chinambya cha ku Hwange ndi zinenero zina za pa mndandanda uja.

Kwa inu a m'gulu lino, ndikupempha kuti tiyambe ndi chimene tili nacho. Aliyense afunse wamkulu mmodzi wa kwawo funso ili: msana ukakuvutani, mumati ukutani? Lembani yankho monga momwe lanenedwera, osalikonza, ndipo mutchule dera limene munthuyo anakulira. A ku Katete atiuze ngati dzanzi ndi liwu lawo lomwelo, a ku Angónia atiuze mmene amasiyanitsira kubaya ndi kulasa, a ku Nkhotakota ndi ku Lichinga atipatse a kunyanja. Ine ndayamba kale ndi agogo. Dzulo madzulo, titakhala pakhonde, ndinawafunsa kuti ululu uja unali wotani kwenikweni. Anaganiza kanthawi, kenaka anati unali ngati chiswe chikudya mzati m'kati, kunja kukuoneka bwino. Ndinalemba mawu amenewo pamwamba pa tsamba loyamba, chifukwa dokotala amene anaona chithunzi cha mafupa awo anatifotokozera zofanana ndi zomwezo.